Tsache la a Kapalamula ku Prague

Loweruka lapitali tinali ku chiliza cha a Laitoni Kapalamula, ndipo ndikufuna zidziwike kuti mwambo unayenda bwino, mwina chifukwa eni akewo kunalibe kuti autsogolere. Palibe amene anadzudzulidwa chifukwa cha nsapato zosapolisha. Nyimbo tinaiyamba pamwamba kwambiri n'kukaisiya panjira, koma palibe anatembenuka kutiyang'ana ndi diso lija. Papita chaka chimwalirireni mkuluyu, ndipo agona konkuno ku Maryland, kuseri kwa Landover, kumene ukatchera khutu umamva malole akubwerera chammbuyo m'nyumba zosungira katundu. Amene munkawadziwa a Kapalamula mukudziwa kuti zoti agona kuno n'zozizwitsa. Amene simunkawadziwa, khalani pansi.

Kwawo kunali ku Ntcheu. Anabwera kuno ngati dalaivala wa ku ofesi ya kazembe ambiri a ife tisanabadwe, ndipo bwana wawo atabwerera kumudzi iwo anatsala. Anayendetsa takisi mpaka tsitsi linayera, kenaka anayamba kunyamula nkhalamba zinzawo kupita nazo kuchipatala. Tonse tinkawatchula kuti Ankolo, ndi abusa omwe. Ineyo ankanditchula kuti Pulofesa. Ndinalowako ku koleji kuno, ndinaona mmene zinthu zikuyendera, ndinatuluka, ndipo Ankolo anaona kuti ulendo woterewu uyenera ulemu wake.

Maliro ndiwo unali munda wawo. Zovuta zikagwa, kaya ku Columbia Heights kaya kuti, munkapeza atafika kale pa siwa, mipando yopinda atandanditsa, akuuza namfedwa pokhala. Chiphunzitso chawo chinali chimodzi: munthu sagona kuchilendo, Mmalawi akafa azipita kwawo. Manda a kuno ankawanyoza poyera. Ankati si manda koma bwalo la mpira lokhala ndi mayina. Chinkawapweteka kwambiri ndi makina otchetchera udzu aja, amene munthu amakwerapo atatseka makutu ndi nyimbo n'kumadutsa pamimba pa anthu akuluakulu osapepesa n'komwe. Kwathu, ankatero, manda amalambulidwa ndi abale, ndi makasu ndi matsache, ndipo wakufa amadziwa kuti amene akupalira kumutu kwakeyo ndi mdzukulu wa mlongo wake.

Mkangano waukulu unali ndi mwana wawo Thoko, namwino, mayi wa ana awiri, ana oti Chichewa amachimva koma amachiyankha m'Chingerezi. Mayi ake a Thoko atamwalira anawaperekeza ku Ntcheu, ndipo chiwaikireni Thoko wapondako kamodzi kokha. Atafika anauzidwa kuti kumanda sikulowedwa chisawawa, adikire tsiku lolambula. Tchuthi chake chinatha tsikulo lisanafike. Anabwerera atangoona mitengo ya kumanda ali chapatali.

Ndikukumbukira tsiku lina kwa Thoko ku Takoma Park, pa phwando la kubadwa kwa mwana wake, keke ili patebulo yosadula.

"Adadi, amami ali kutsidya kwa nyanja. Inunso mupite? Ine ndizikalira kuti, pa foni?"

"Uzilira pomwe ulipo. Misozi siifuna viza."

"Nanga anawa azidzakuonani kuti?"

"Andione pano ndikadali ndi mano. Ndikafa undikweze ndege, Thokozani. Ukadzandiika pansi pa makina a udzuwa sudzagona tulo."

Thoko, amene ntchito yake ndi yausiku, anayankha kuti tulo ndiye sagona kale, n'kulowa kukhitchini. Tonse tinamva mpopi ukutuluka madzi nthawi yaitali, pamene mbale zinali zisanade. Ba Mulenga, mnzathu wa ku Lusaka, anayesa kulowererapo. "Manje imwe ba mudala, zaka zonse izi mwankala kuno, si ndiye pa nyumba pano?" Ankolo anauza amayi ena kuti mlendoyo amuwonjezere mpunga, pakamwa pake pakuoneka kuti pali malo.

Mkanganowu unatenga zaka, ndipo tonse tinkadziwa kuti tsiku likadzafika Thoko adzamvera, adzawakweza ndege, n'kutsala wopanda manda a kholo ndi limodzi lomwe oti n'kuimapo.

Tsopano za Mayi Esitere. Anali Myuda, wamasiye, wokhala yekha m'nyumba yakale yamatabwa kufupi ndi kwa Ankolo. Impso zawo zinali zitatopa, ndiye Ankolo ankawatenga kupita kuchipatala kukatsukitsa magazi, ndipo ulendo wonse ankakangana za Chipangano Chakale. Ankolo zinkawawawa kuti Myuda weniweni, wa magazi a Abulahamu, angalephere kutchula ana a Yakobo mwa ndondomeko yake. Mayi Esitere ankati iwo ana a Yakobo sanawabereke, akafunsidwe Yakoboyo.

Mayiwa anabadwira ku Prague, mzinda wa ku Ulaya. Mayi awo anamwalira ndi matenda iwo ali kamwana, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe. Zinthu zitayamba kuipa, azakhali awo anathawa nawo. Bambo awo ndi abale onse amene anatsala anaphedwa ndi a Nazi. Chichokereni sanabwererekonso. Tsiku lina pochokera kuchipatala anauza Ankolo chimene chinkawadya mumtima: manda a mayi awo. Panalibe wotsala woti n'kupitako. Mwina chiliza chinagwa, mwina tchire linameza, mwina pamangidwa sitolo.

Kuuza Ankolo nkhani ya manda osalambulidwa kunali ngati kuuza tambala kuti kwacha. Anaimitsa galimoto pambali pa msewu n'kulonjeza kuti apita okha kukalambula.

Mayi Esitere anakonza ulendo, anapezanso munthu wokatiyendetsa kumeneko. Thoko anakana kuti bambo ake apite okha, choncho akuluakulu anakhala pansi kufufuza Mmalawi amene mapepala ake ali bwino, komanso amene atachoka sabata yathunthu palibe ntchito ingaime. Kafukufukuyu sanatenge nthawi. Ine ndinanyamula sutikesi. Mkati mwake, pakati pa malaya, munali tsache la kwathu, lija lapanja la timitengo lomanga ndi mphira, litakulungidwa m'chitenje ngati khanda.

Ku Prague wotiyendetsa anali mayi wina dzina lake Jana, wa tsitsi lalifupi la imvi, mphunzitsi wopuma, woyenda mofulumira ngati akuthawa mvula. Tinkalankhula naye m'Chingerezi. Atanena kuti agogo ake aakazi anali Myuda, Ankolo anawala nkhope.

"Ndinu a fuko liti, mayi? La Yuda kapena la Benjamini?"

"Agogo sanandiuze," anatero Jana. "Anatanganidwa ndi kubisa zoti ali ndi fuko."

Ankolo anakhosomola n'kufunsa ngati kukugwa mvula masana.

Jana anatilowetsa m'timisewu tamiyala ta dera limene Ayuda ankakhala kalekale. Pakhomo la sunagoge amuna amapatsidwa kachipewa kakang'ono kovala paliwombo. Apa panavuta. Ankolo anali mkulu wa mpingo, ndipo moyo wawo wonse akafika pamalo opatulika ankavula chipewa. Apa ulemu unali kuvala. Anavula chawo, anavala kachipewako, dzanja linapita lokha kukakavula, anakabwezera, mpaka anangoganiza zoyenda atakagwira ndi chikhatho pamutu ngati munthu amene wasenza dzira.

Tinaona manda akalekale a m'kati mwa mzinda, ziliza zitapanikizana n'kutsamirana ngati anthu a mu minibasi. Jana anati Ayuda sankaloledwa kuwonjezera malo, ndiye ankathira dothi pamwamba n'kuikanso ena. Ankolo anati adzukulu a kumeneko anali ndi ntchito. Jana anapitiriza kufotokoza zambiri, koma nthawi imeneyo Ankolo anali atayamba kundiphunzitsa m'Chichewa za Nehemiya ndi malinga a Yerusalemu, ine ndikugwedeza mutu, imene ndi ntchito imene ndimaidziwa bwino.

Kenaka tinalowa m'sunagoge wina wopanda mipando. Makoma ake onse, kuyambira m'munsi mpaka pamene khosi limalekezera, alembedwa mayina ang'onoang'ono, mzere pa mzere, chipinda ndi chipinda. Jana anayenda pang'onopang'ono n'kuima, n'kuloza osakhudza khoma. Linali dzina la bambo a Mayi Esitere.

"Nanga manda awo ali kuti?" anafunsa Ankolo.

"Alibe. Onsewa alibe."

Ankolo anafunsanso, poganiza kuti mwina Chingerezi chaphonya penapake. Jana anayankha chimodzimodzi. Ndawadziwa Ankolo zaka zambiri, ndipo ndinali ndisanawaonepo atasowa vesi. Anaima pamenepo dzanja lili pamutu, akuwerenga mayina oti sangathe kuwatchula, milomo ikugwedera.

Masana tinakwera sitima ya mumsewu kupita ku manda ena aakulu, kunja kwa dera lakale lija, kumene anaikidwa mayi a Mayi Esitere. Ndi malo a mitengo italiitali, ndipo zomera zoyanga zakuta pansi ndi ziliza zomwe. Ankolo ankangopukusa mutu njira yonse. Koma titafika, chiliza chinalipo. Chakuda, chowongoka, dzina likuwerengeka. Pamwamba pake ndi m'mphepete mwake munali timiyala tambirimbiri, toyera, tofiirira, tina tosalala ngati ta mumtsinje.

Jana anati atisiye tokha pang'ono, akalankhule ndi wosamalira manda.

"Waona, Pulofesa?" anatero Ankolo akuvula jekete. "Ana amasewera pano. Manda opanda mwini ndi choncho."

Anamasula chitenje. Ndikuchitira umboni kuti ntchito imene inagwiridwa pamenepo sinachitikepo ku Ulaya konse. Anazula zoyanga, anasesa masamba, anapukuta chiliza ndi kansalu konyowa mpaka chinayamba kuonetsa nkhope, kwinaku akung'ung'udza nyimbo ya maliro. Timiyala tonse anatisesera pamodzi n'kutiwolera mu jumbo.

"Kataye m'bini la pageti. Usakataye pa manda a munthu wina."

Geti linali kutali. Panjira ndinapeza benchi. Ndinalingalira kuti miyala ndi chinthu chodziwa kudikira, ndiye ndinaika jumbo pansi pa benchipo, ndinapumula, n'kubwerera chimanjamanja ndi cholinga choitenga potuluka.

Jana atabwera anaima chilili. Anayang'ana chiliza, anayang'ana tsache.

"Miyala ili kuti?"

"Tachotsa, mayi. Musathokoze, ndi ntchito yathu."

Jana anagwira pakamwa. Kenaka analankhula pang'onopang'ono, monga amachitira aphunzitsi akafuna kuti asamenye munthu. Anati Ayuda sabweretsa maluwa kumanda. Amene wabwera kudzaona wakufa amasiya kamwala. Kamwala kalikonse ndi munthu amene anaima pamenepo.

"Ndinafotokoza m'mawa uja ku manda akale," anatero.

Nehemiya uja anali atatidyera.

"Ndiye kuti pano pamabwera anthu?" Mawu a Ankolo anali atachepa. "Ndani? Mayi aja akuti abale onse anatha."

"Sindikudziwa. Pamwala salembapo dzina. Mwina zidzukulu za anthu amene ankakhala nawo moyandikana. Mwina wongodutsa, waona kuti mayiyu anamwalira akadali mtsikana. Inenso ndikamadutsa ndi alendo ndimasiya kamwala pamene ndaona kuti papita nthawi."

Ankolo anatembenukira kwa ine. Anasiya Chingerezi.

"Pulofesa. Bini lija ndi lakuya bwanji?"

"Sindinafikeko, Ankolo."

"Sunafikeko."

"Ili pansi pa benchi apo."

Anandiyang'ana. Kenaka anapumira m'mwamba, anakhala pansi pa msewu wa miyala ndi thalauzi lawo la kutchalitchi, n'kunena kuti zoonadi Mulungu amagwiritsa ntchito chilichonse.

Miyala ija anaibwezera okha, umodziumodzi. Uliwonse ankaupukuta ndi kansalu n'kuupepesa. Posadziwa kuti mwini wake anali ndani, ankasinthasintha: "Pepani bambo. Pepani mayi. Pepani bambo." Anafunsa Jana ngati pali ndondomeko ya kaikidwe kake. Jana anati palibe. Ankolo anati kwa iwo ilipo, ndipo ankandifunsa ngati woyera uja unali kumanja kapena kumanzere, ngati kuti ine ndinabwera ku Prague kudzaloweza miyala.

Atamaliza tinaimbira Mayi Esitere pa foni ya kanema. Anali pampando wawo, bulangete lili m'miyendo. Ankolo analozetsa foni pa chiliza, ndipo mayi aja anawerenga dzina la mayi awo mokweza. Ankolo anatsitsa foni pang'ono.

"Imeneyo ndi miyala?" anafunsa Mayi Esitere. "Mwaika ndinu?"

"Taipeza, mayi. Kungoti inachokapo pang'ono n'kubwerera."

Jana ndiye anaulula zonse, ndi za jumbo zomwe. Mayi Esitere anaseka mpaka wowasamalira anathamangira m'chipindamo. Anaseka, anatsokomola, anapukuta m'maso, mpaka misozi inasiya kukhala ya kuseka.

"Ndiye kuti pamabwera anthu," anatero pomaliza. "Laitoni, mundiikireko wanga."

Ankolo anayendayenda m'njiramo akusankha mwala ngati akugula tomato. Uwu wachepa, uwu ndi wosweka, uwu ukuoneka wamwano. Atapeza wowakomera anauika pakatikati, n'kutolanso wina waung'ono, n'kuuika kumbali osanena kuti ndi wa yani.

Potuluka, pageti panali mpopi, ndipo Jana anati mwambo wake ndi kusamba m'manja pochoka kumanda. Ankolo anaima.

"Nanunso mumasamba?" Anandigunda ndi chigongono. "Pulofesa, anthuwa ndi Angoni."

Tisanapitirire, mudziwe kuti Ankolo sanavomerepo kuti analakwitsa. Nkhaniyi ankaikamba kutchalitchi, ndipo mmene ankaikambira iwo, miyala inachotsedwa mwadala kuti pansi pake papukutidwe, ndipo Jana anathokoza m'malo mwa mzinda wonse. Ine pa nkhaniyo ndinalibemo. Sindinadandaule. Munthu akakhala kuti chinthu chachikulu chimene anachita pa moyo wake ndi kusafika pa bini, amaphunzira kudzichepetsa.

Koma china chinasintha. Anasiya kunyoza bwalo la mpira lija. Tsiku lina, akundiperekeza ku siteshoni ya sitima, ananena ngati akulankhula ndi chiwongolero kuti tsache ndi labwino, koma likadutsa sudziwanso kuti panaponda ndani. Anati kwathu manda amayera kamodzi pachaka, kenaka amakhala okha ndi mitengo. Ndinayang'ana pawindo, poopa kuti angazindikire kuti ndamva.

Mayi Esitere anamwalira m'nyengo yachisanu yotsatira. Ankolo anapita ku maliro awo, ndipo anabwerako okhutira, ati anthu aja amakwirira okha ndi fosholo, mosinthana, osasiyira makina.

Zotsatirazi anandiuza ndi Thoko. Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi, Ankolo anamuuza kuti akwere galimoto, ana awasiye kwa Ba Mulenga. Sananene kopita. Anakaima ku manda a kuseri kwa Landover, analowa mu ofesi n'kufunsa ngati munthu angasiye miyala pa manda. A mu ofesimo anawauza kuti kumene ziliza zake n'zogona pansi n'zosatheka, miyala imawononga makina a udzu. Ankolo anati makinawo sakuwamvera chisoni, koma awaonetse kumene ziliza zimaimirira. Anayendera malowo manja ali kumbuyo.

"Geti amatseka nthawi yanji pano?"

"Adadi, mukutanthauza chiyani?"

"Ndikufunsa za geti. Ana aja akadzakula angathe kubwera okha, osapempha chilolezo kwa munthu?"

"Angathe." Thoko anawayang'ana. "Nanga amami?"

"Amako agona kwawo, pakati pa mayi awo ndi achemwali awo, akucheza. Ine ndine mkamwini. Ukananditumiza akanakandiika kwathu, kuseri kwa phiri. Kwathu imfa imathetsa ukwati bwinobwino." Analoza pansi pa mtengo wina. "Apo. Koma osati pafupi ndi msewu, ndayendetsa galimoto mokwanira."

Thoko anakakhala m'galimoto n'kutseka chitseko. Ankolo anamupatsa nthawi, akuwerenga mayina a anthu amene adzakhale oyandikana nawo.

Ngakhale zinali choncho, atagonekedwa m'chipatala chaka chatha tonse tinali ndi mantha. Tinkawadziwa. Munthu uja akanatha kudzuka tsiku lomaliza n'kulamula ndege, ndipo Thoko akanamvera. Nthawi iliyonse akatsegula pakamwa, Thoko ankagwira chitsulo cha bedi. Koma zimene ananena zinali zakuti nyimbo tisadzaiyambe pamwamba, kuti Ba Mulenga asadzapatsidwe mpata wolankhula, ndiponso kuti galimoto izilizidwa kamodzikamodzi kuopa batire. Anamwalira osasintha mawu. Kunena zoona, pa siwa yawo tinalira, koma kunali kulira kwa anthu amene atula katundu.

Loweruka la chiliza lija zidzukulu zawo zinabwera ndi timiyala ta kuseri kwa nyumba. Ba Mulenga, amene amakhulupirira kuti ulemu umayezedwa pa sikelo, anabwera ndi theka la njerwa.

Galimoto ija tsopano ili pakhomo pa Thoko. Ndi yakale, yotuwa, ndipo mkati mukununkhabe mafuta opaka a Ankolo. Pampando wa dalaivala pali dzenje limene thupi lawo linakumba, ndi kapilo kophwatalala kamene ankakhalira kuti aziona kutsogolo, pakuti anali munthu wamfupi, ngakhale palibe amene analimba mtima kuwauza. Mpandowo anaukankhira kutsogolo mpaka pothera, ndipo uli pomwepo. Palibe waubweza. Thoko ndi wamtali ngati mayi ake. Amalowamo chopindika, mawondo atagunda chiwongolero, ana ali kumbuyo, n'kuyendetsa choncho kuchoka ku Takoma Park mpaka kuseri kwa Landover. Ndinamufunsa ngati sizimupweteka. Akuti zimapweteka, koma miyendo isanachite dzanzi amakhala atafika.